Sociology, chipembedzo ndi thanzi la m'maganizo: munthu ayambire pati?

Kamtedza_04
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Munthu amene wamaliza digiri yoyamba ya sociology, mtima wake uli pa nkhani ya chipembedzo ndi thanzi la m'maganizo, ndipo akufuna kudzakhala mphunzitsi ndi wofufuza pa yunivesite, ayambire pati? Masters achite ya chiyani: sociology yomweyo, public health, kapena theology? Ena akuti nkhani ya maganizo ndi ya madokotala, ena akuti ndi ya abusa, wa sociology alibepo malo. Kodi ndi zoona? Nanga kafukufuku woyamba akhale wotani kuti asangobwereza zoti kupemphera kumathandiza?

Chiwerengero
Amene akuti wa sociology alibepo malo sanawerenge chiyambi cha phunziro lenilenilo. Émile Durkheim, mmodzi wa amene anaika maziko a sociology, anatulutsa kafukufuku wake wa kudzipha mu 1897, ndipo chimodzi mwa zimene anaona chinali chakuti m'madera a Chipulotesitanti ku Ulaya anthu ankadzipha kwambiri kuposa m'madera a Chikatolika. Iye sanafunefune chifukwa chake m'ziphunzitso za mipingoyo. Anaona mmene mpingo umamangira anthu pamodzi. Funso limenelo ndi lathu mpaka lero. Dokotala amaona wodwala mmodzi amene wafika pa chipatala. M'busa amaona nkhosa zake. Wa sociology amafunsa kuti n'chifukwa chiyani wodwalayo anayamba kwa mneneri, kenako kwa sing'anga, n'kudzafika ku Zomba Mental Hospital patatha miyezi, ndani ankasankha njira imeneyo m'banjamo, ndipo ndalama zake zinkachokera kuti.

Za Masters, upangiri wanga ndi uwu: sankhani pulogalamu imene idzakuphunzitseni njira zofufuzira, osati imene mutu wake ukukoma m'khutu. Mukatuluka muzitha kuchita regression (masamu oona mmene zinthu zimayenderana) mu mapulogalamu a pa kompyuta a Stata kapena R, kupanga mafunso a survey, ndi kusanthula zokambirana za anthu mwadongosolo. Mutu wa chipembedzo muulowetsa mu thesis.

MayiWaMvano
Ndikugwirizana nanu pang'ono chabe, a Chiwerengero. Manambala ndi ofunika, koma munthu wosadziwa mipingo amasokoneza zinthu pa fomu yoyamba yomwe. Amaika "Akhristu ena" m'bokosi limodzi, momwe muli a Zioni, a Apositoli, a Mboni za Yehova ndi ma ministry a dzana, pamene anthu amenewa amasiyana kutali pa nkhani ya mankhwala a kuchipatala. Ena mwa a Zioni ndi a Apositoli salola n'komwe mankhwala. Kosi imodzi kapena ziwiri ku dipatimenti ya Theology and Religious Studies ku UNIMA, kapena kuwerenga mabuku a Kachere a mbiri ya mipingo ya kuno, zingamupulumutse ku zolakwa ngati zimenezi.

Namitambo
Public health basi. Ndalama za kafukufuku zili kumeneko.

Chiwerengero
Ndalama zilikodi kumeneko, a Namitambo, koma taganizirani za mawa. Dipatimenti ya sociology ikamalemba lecturer imayang'ana ngati digiri yapamwamba ya munthuyo ili ya sociology. Amene wachita Masters ndi PhD zonse za public health angapezeke kuti kwawo ndi ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, osati ku UNIMA ku Zomba. Palibe choipa pamenepo, koma adziwiretu. Njira yapakati imene imayenda bwino ndi iyi: digiri imodzi ikhale ya zaumoyo, inayo ya sociology, ndipo oyang'anira thesis akhale awiri, wina wa mbali iyi wina wa mbali iyo.

Mlangizi_LL
Ndiike pano makomo amene alipo, aliyense ndi zofuna zake.

Ku Cape Town kuli MPhil ya Public Mental Health ku Alan J. Flisher Centre, imene imayendetsedwa ndi mayunivesite a Cape Town ndi Stellenbosch. Inakonzedwa poganizira anthu a mu Africa amene ali kale pa ntchito, ndipo kafukufuku wake munthu amachitira kwawo. AMARI, mgwirizano wophunzitsa ofufuza za thanzi la m'maganizo, unaphatikiza Malawi, Zimbabwe, Ethiopia ndi South Africa, choncho ku KUHeS kuli anthu amene anadutsamo ndipo angayang'anire thesis yotere. CARTA, mgwirizano wa mayunivesite wophunzitsa ofufuza mu Africa, imathandiza pa PhD, koma imatenga okhawo amene ali kale ogwira ntchito pa yunivesite imene ili membala. Tanthauzo lake n'lakuti kulowa ngati staff associate kapena assistant lecturer, ngakhale malipiro ake ali ochepa, kumatsegula khomo limene wakunja sangalowepo. Chevening ndi sikolashipu ya Masters ya chaka chimodzi ku Britain, imafuna zaka ziwiri zogwira ntchito, ndiponso kuti mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Sikolashipu ya Beit Trust imatenga anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

PhD ya ku Britain imakhala zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mumayamba muli kale ndi proposal komanso munthu amene wavomera kukuyang'anirani. Ya sociology ku America imatenga zaka zisanu kapena kupitirira, zaka ziwiri zoyambirira ndi za m'kalasi. Kwa munthu amene masamu ake ndi ofooka, zaka ziwiri zimenezo si zotayika.

Cholakwika chimene chimagwetsa ambiri ndi kalata yopita kwa pulofesa. Amalemba kuti ali ndi chidwi pa chipembedzo ndi maganizo, basi. Kalata yoyankhidwa imakhala ndi funso limodzi lomveka, malo amene mudzafufuze, deta imene mudzagwiritse ntchito, ndi chiganizo chosonyeza kuti mwawerengadi nkhani imodzi ya pulofesayo ndipo mwaona pamene inalekezera.

Kamtedza_04
Zikomo kwambiri a Mlangizi. Nanga funso lomvekalo ndi lotani? Poti zimene ndikuwerenga zambiri ndi za ku America.

Chiwerengero
Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo pang'ono.

Kafukufuku wa ku America amayerekeza anthu opita ku tchalitchi ndi osapita. Chitsanzo chodziwika ndi cha Tyler VanderWeele wa ku Harvard ndi anzake mu 2016: anatsatira anamwino achizimayi oposa 80,000 kwa zaka zambiri, n'kupeza kuti kudzipha kunali kochepa pafupifupi kasanu pakati pa opita ku mapemphero kamodzi pa sabata kapena kuposa, poyerekeza ndi osapita konse. Kumeneko osapitawo alipo ambiri, ndiye pali choyerekeza.

Tsono bwerani kuno. Kalembera wa 2018 anapeza kuti amene anati alibe chipembedzo anali pafupifupi 2 pa 100 alionse. Mukafunsa munthu wa ku Mchinji kuti "kodi chipembedzo ndi chofunika pa moyo wanu?" pafupifupi aliyense ayankha kuti ndi chofunika kwambiri. Funso limene aliyense amayankha chimodzimodzi silingafotokoze chifukwa chimene wina akudwala maganizo pamene mnzake ali bwino. DUREL, sikelo ya mafunso asanu oyeza kupembedza kwa munthu, ya Harold Koenig wa ku yunivesite ya Duke, imakumana ndi vuto limeneli: mayankho onse amaunjikana pamwamba.

Choncho musafunse ngati munthu amapemphera. Funsani zimene mpingo wake umamuchitira ndi zimene umafuna kwa iye. Atadwala mwezi watha, anabwera ndani kudzazonda, ndipo anabwera ndi chiyani, ufa, sopo, kapena mawu okha? Pa maliro a mwana wake, a Mvano, a Dorika, a mphakati kapena amayi a dawa anagona pa siwa masiku angati? Amapereka zingati pa mwezi, kuphatikiza chakhumi, masika ndi zopereka za chitukuko, ndipo akalephera amamva bwanji? Anayamba waikidwapo pa mwambo kapena kuletsedwa mgonero? Mayi amene banja lake latha amakhalabe pa mpando wake m'bungwe la amayi? M'zinthu zimenezi mipingo imasiyana kwambiri, ngakhale mipingo iwiri ya sinodi imodzi, ndipo apo ndi pamene wa sociology angapeze chimene wina sanapeze.

Vuto lachiwiri ndi la chimene chinayamba. Mukapeza kuti m'mipingo ya machiritso muli anthu ambiri ovutika maganizo, musathamangire kunena kuti mipingoyo ikudwalitsa anthu. Ambiri amapitako chifukwa choti akudwala kale. Komanso munthu amene maganizo amupanikiza amasiya kutuluka m'nyumba, ndiye amajomba ku tchalitchi; mukadzawerenga, zimaoneka ngati kujombako ndi kumene kwamudwalitsa. Survey ya ulendo umodzi singamasule mfundo imeneyi. Pamafunika kuonana ndi anthu omwewo kawiri kapena katatu, ndi kulemba mbiri ya kusintha mipingo: anachoka kuti, chaka chanji, chinachitika n'chiyani miyezi isanu ndi umodzi asanachoke.

Wa_ku_Ulongwe
Ndipo deta yotsatira anthu omwewo ilipo kale, sipafunika kuyamba pa ziro. MLSFH, pulojekiti ya kafukufuku wa mabanja ndi zaumoyo imene imayendetsedwa ndi University of Pennsylvania pamodzi ndi anzawo a kuno, yakhala ikutsatira mabanja ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998, ndipo kuyambira 2012 inayamba kufunsa anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo mafunso a PHQ-9 (sikelo yoyeza zizindikiro za depression) ndi GAD-7 (yoyeza nkhawa). M'madera omwewo Jenny Trinitapoli ndi anzake anacheza ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti pa nkhani ya Edzi. Wophunzira wa Masters amene alibe ndalama zopitira kumudzi alembe kalata yopempha deta imeneyi. Ubwino wina ndi woti ku Balaka kuli Asilamu ambiri, pamene nkhani zambiri za phunziroli zimangokamba za Akhristu.

Namitambo
Koma PHQ-9 imagwiradi ntchito m'Chichewa? Mawu oti depression mumawamasulira bwanji?

Sisita_wa_Wodi
Funso labwino, achimwene. Mawu amodzi olowa m'malo mwake palibe. Wodwala sanena kuti ali ndi depression. Amati "ndikuganiza kwambiri", "mtima ukuthamanga", "mutu ukutentha pa liwombo", "thupi lonse likuphwanya", "tulo sindikuliona". Ku Zimbabwe amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, ndipo Friendship Bench, pulogalamu ya uphungu ya Dixon Chibanda, inamangidwa pa mawu amenewo. Mukanena kuti "matenda a misala" mwatseka kale chitseko, chifukwa kwa anthu misala ndi ya uja woyenda wamaliseche pa msika, ndipo palibe amene avomere kuti mayi ake ali m'gulu limenelo.

Masikelo ena anayesedwa kale kuno. SRQ-20, ya mafunso 20 a eya kapena ayi okhudza masiku 30 apitawo, inayesedwa m'Chichewa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo ndi Robert Stewart ndi anzake. PHQ-9 inayesedwa ndi Michael Udedi ndi anzake pakati pa odwala shuga. Ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo, lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, zonse pamodzi 27, ndipo m'maiko ambiri malire amaikidwa pa 10. Pemphani kumasulira kumene kunayesedwako, musamasulire nokha usiku umodzi. Kumudzi, kusiyanitsa "masiku angapo" ndi "masiku oposa theka" kumavuta pakamwa pokha, ndiye ofunsa ena amayala nyemba kapena timiyala 14 kuti munthu apatule masiku amene anavutika.

Chinanso: sikelo imangosefa, sinena kuti munthu ali ndi matenda. Mu thesis lembani kuti "zizindikiro", osati "odwala".

MayiWaMvano
Pa masikelo omwewo, samalani ndi Brief RCOPE ya Kenneth Pargament. Ili ndi mafunso 14, asanu ndi awiri a kudalira Mulungu kolimbikitsa, asanu ndi awiri a kulimbana ndi chikhulupiriro, monga kuganiza kuti Mulungu wanditaya kapena akundilanga. Mwa achiwiriwa muli lina loti Satana ndiye wachititsa vutoli. Kwa anthu ambiri kuno, kunena kuti ndi Satana si chizindikiro cha kusweka mtima. Ndi mmene timalankhulira za ngozi, ndipo nthawi zina zimamupepuza munthu chifukwa mlandu sukhalanso pa iye. Mukaliphatikiza ndi anzake mosaliyesa, chiwerengero chanu chinama. Funso lililonse liyesedwe kaye pa anthu khumi kapena khumi ndi asanu: muwawerengere, kenako muwapemphe anene m'mawu awo chimene amva kuti mwafunsa.

Nyachirwa_Hewe
Pepani ndipatuke pang'ono. Bwanji tikamati chipembedzo timangotchula tchalitchi ndi mzikiti? Kumpoto kuli vimbuza. UNESCO inazilemba mu 2008 pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse, koma kwa eni ake si gule wa alendo, ndi chithandizo. Wodwala amakhala kwa nchimi (sing'anga wa vimbuza) masabata, ng'oma zimalira usiku, abale amaimba ndi kuomba m'manja, ndipo munthu amene kunyumba analibe mawu amapeza bwalo lonenera zimene zikumuwawa. Ambiri mwa odwalawo ndi amayi. Lamlungu anthu omwewo ali m'tchalitchi.

Thengo_la_Dedza
Zimenezo ndi za anthropology, mayi. Tisasakanize.

Nyachirwa_Hewe
Wodwala sasankha dipatimenti, bambo. Fomu ikangolola yankho limodzi pa chipembedzo, munthu wa CCAP amene wagona kwa nchimi mwezi wathunthu alembedwa kuti wa CCAP basi, ndipo theka la nkhani yake latayika. Funsani padera: kumene ali membala, ndi konse kumene anakafunako thandizo, motsatana, ndi ndalama kapena mbuzi imene analipira pa malo alionse.

Thengo_la_Dedza
Pamenepo ndavomera. Koma ine nkhawa yanga ndi ina. Tikamalemba zokoma zokhazokha za machiritso a mapemphero ndi a makolo, tikubisa anthu amene amamangidwa unyolo, kusalitsidwa kudya masiku ambiri, kapena kuuzidwa kuti ataye mankhwala a khunyu poti achiritsidwa. Munthu wa khunyu akasiya phenobarbitone mwadzidzidzi akhoza kugwa mobwerezabwereza osatsitsimuka, ndipo ena amagwera pa moto. Wofufuza aziona mbali zonse.

Sisita_wa_Wodi
Zoona, ndipo pali kafukufuku awiri a ku West Africa amene aliyense wolowa m'phunziroli ayenera kuwadziwa. Ku Ghana, Angela Ofori-Atta ndi anzake anapereka mankhwala a kuchipatala kwa odwala amene anali pa msasa wa mapemphero. Zotsatira zinatuluka mu 2018: zizindikiro zinachepa, koma masiku omangidwa unyolo sanachepe. Ndiye kuti unyolowo sunkadalira kudwala kokha, unali ndi zifukwa zake m'kayendetsedwe ka msasawo ndi m'mantha a abale, ndipo limenelo ndi funso la sociology. Wachiwiri ndi COSIMPO wa Oye Gureje ndi anzake ku Ibadan ndi Kumasi, wa mu 2020, kumene azaumoyo a pa chipatala chaching'ono ankayendera odwala kwa asing'anga ndi kwa ochiritsa a mapemphero, n'kumagwira ntchito limodzi. Odwala amenewo anapeza bwino kuposa anzawo. Kuno, ndi zipatala za CHAM zimene zili kale m'manja mwa mipingo, komanso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, pali poyambira kufunsa ngati mgwirizano wotere ungatheke, ndani angaukane, ndipo chifukwa chiyani.

Mlangizi_LL
Tibwerere kwa wofunsa, poti nkhani ya chilolezo sitinaikhudze, ndipo ndi imene imadya miyezi. Kafukufuku wotere amadutsa ku komiti yopereka chilolezo cha kafukufuku: UNIMAREC kwa a ku UNIMA, komiti ya KUHeS imene yakhala ikudziwika kuti COMREC, kapena makomiti a dziko, NCRSH ndi NHSRC. Ikani miyezi iwiri kapena itatu pa ndondomeko yanu, chifukwa kawirikawiri proposal imabwezedwa kuti mukonze. Chimene amabwezera kwambiri ndi funso la nambala 9 la PHQ-9, lofunsa za maganizo ofuna kufa kapena kudzipweteka. Simungalifunse n'kungopita pa khomo lina. Lembani mwatsatanetsatane: wofunsa achita chiyani munthu akavomera, aimbira ndani, namwino kapena clinical officer wa zamaganizo wa pa chipatala cha boma amene mwagwirizana naye ali kuti, thiransipoti alipira ndani, ndipo mudzabwererako tsiku liti.

Kenako makalata: ku ofesi ya zaumoyo ya boma limenelo, kwa a T/A ndi a nyakwawa, ndiponso ku likulu la mpingo, kaya ndi sinodi, dayosizi, kapena mabungwe a Asilamu a MAM ndi Qadria. Mukadumpha likulu, abusa a pa malopo akulandirani bwino koma anthu sadzabwera.

MayiWaMvano
Ndiwonjezere pamenepo. Abusa kapena a shehe asakusankhireni anthu oti mucheze nawo. Adzakupatsani akhristu olimba, a kwaya ndi a komiti, pamene amene mukuwafuna kwambiri ndi aja anasiya kubwera. Pezani kaundula wa mpingo musankhe mwa maere, kapena yambirani ku mndandanda wa mabanja a m'mudzi. Zokambirana zisachitikire mu vestry kapena pa khonde la abusa. Pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba ya mwini wake, apongozi ali patali, mayi amanena zimene sanganene pafupi ndi guwa. Ndipo wofunsa asakhale wa mpingo womwewo.

Pa nkhani za ufiti, zidzatuluka ndithu. Mayina a anthu amene akuganiziridwa musawalembe paliponse, ngakhale m'kope lanu. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komanso dzina likatuluka, agogo ena akhoza kuvulazidwa.

Chiwerengero
Kanthu kamodzi ka masamu kwa amene asankhe anthu kudzera m'mipingo. Anthu a mpingo umodzi amafanana, choncho anthu 400 ochokera m'mipingo 20 salingana ndi anthu 400 osankhidwa paliponse. Tiyerekeze kuti mwatenga anthu 20 pa mpingo uliwonse ndipo ICC, muyeso wa kufanana kwa anthu a mpingo umodzi, ili 0.05. Design effect, nambala imene mumagawira chiwerengero cha anthu anu, mumaipeza pochulukitsa 19 (20 kuchotsa 1) ndi 0.05 n'kuphatikiza 1, yomwe ndi 1.95. Anthu anu 400 aja mphamvu yawo ikhala ngati ya anthu 205. Kuli bwino mipingo 40 ya anthu khumikhumi kusiyana ndi mipingo khumi ya anthu 40, ngakhale mafuta a njinga yamoto achuluke. Posanthula gwiritsani ntchito multilevel model, njira imene imaganizira kuti anthuwo ali m'magulu, apo ayi muonetsa kusiyana kumene kulibe.

Namitambo
Ndipo bajeti ya kulemba zojambulidwa musaiwale. Ola limodzi la zokambirana limadya maola asanu kapena asanu ndi limodzi kulemba, kumasulira m'Chingerezi kuli padera. Zokambirana 30 ndi mwezi wathunthu wa munthu mmodzi. Sungani za Chichewa pambali pa za Chingerezi, chifukwa mawu ngati "mizimu", "ziwanda" ndi "majini" womasulira wotopa amawasandutsa mawu amodzi.

Kamtedza_04
Ndamva, ndipo ndathokoza nonse. Ndiye mutu ngati uwu ungakhale bwino: mmene mabungwe a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti amathandizira amayi amasiye m'chaka choyamba cha umasiye, ndi mmene zimenezi zimayenderana ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, m'dera la T/A mmodzi? Komanso, kutulutsa nkhani mu journal ndiyambe liti?

Mlangizi_LL
Mutuwo uli bwino chifukwa uli ndi anthu ake, nthawi yake ndi malo ake. Muonjezere za chuma: munda unatsala ndi ndani, katundu analandidwa kapena ayi, chifukwa mukapanda kuziyeza, umphawi udzavala nkhope ya chipembedzo m'zotsatira zanu. Muganizirenso ngati deralo ndi la chikamwini kapena la chitengwa, poti mayi wamasiye amene ali pa mudzi wa kwawo ndi amene ali pa mudzi wa mwamuna sali m'madzi amodzi.

Za journal, yambani ndi thesis ya Masters yomweyo, isanathe chaka. Nkhani imodzi yabwino imalemera pa fomu ya PhD kuposa zisanu za m'ma journal olipiritsa amene amavomera m'masiku atatu. Malawi Medical Journal ndi poyambira pabwino ngati nkhaniyo yatsamira ku zaumoyo. Ikatsamira ku sociology, yesani Social Science & Medicine kapena Journal for the Scientific Study of Religion, ndipo ikakanidwa werengani ndemanga, konzani, tumizani kwina. Gwirizanani ndi okuyang'anirani za dongosolo la mayina pa nkhaniyo musanayambe kulemba, ndipo zikhale pa imelo.

Sisita_wa_Wodi
Pa amayi amasiyewo, musawafunse PHQ-9 m'masabata oyambirira maliro atangochitika. Kusagona, kusadya ndi kulira pa nthawi imeneyo ndi chisoni, ndipo pafupifupi aliyense adzadutsa malire a sikelo. Ulendo woyamba ukhale patatha miyezi itatu, wachiwiri chaka chikamakwana, ndipo lembani ngati ulendowo wagwa m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, kapena pambuyo pa kukolola.